Madzi oyera mbee otuluka m'phanga, kodi adzera kuti?

Pa nkhani ya madzi a pansi pa nthaka pali zinthu ziwiri zimene ambirife timakhulupirira. Choyamba n'chakuti pansi pathu pali mitsinje, ndipo wokumba chitsime akachita mwayi amaboola pamwamba penipeni pa mtsinje woterowo. Chachiwiri n'chakuti nthaka imasefa chilichonse, kotero madzi otuluka pansi ndi abwino basi, ungomwa. Zonse ziwirizi zili ndi choonadi chake, koma sizikhala zoona pamalo amodzi. Kumene nthaka imasefadi madzi kulibe mitsinje ya pansi, ndipo kumene kuli mitsinje ya pansi madzi sasefedwa kwenikweni. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa anthu afapo kaamba kosasiyanitsa malo awiriwa.

Tengani ndowa, muidzaze ndi mchenga wouma mpaka pakamwa. Mukaiyang'ana munganene kuti yadzaza, simungalowenso kanthu. Ndiye thiranimo madzi pang'onopang'ono. Kapu yoyamba izimirira, yachiwiri chimodzimodzi, ndipo mupitiriza kuthira mpaka madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndowayo asanaonekere pamwamba. Madziwo sanapange dziwe m'kati mwa mchenga, angolowa m'timipata ta pakati pa timchenga. Tsopano mukadasiya kuthira ndowa ili pakatikati n'kukumba kadzenje ndi chala, mukadapeza mchenga wachinyontho pamwamba, kenako pena pake madzi akadayamba kusonkhana m'kadzenjeko. Chitsime n'chimenechi, ndipo madzi ambiri a pansi pa dziko lapansi amakhala motere: m'timipata ta mchenga, ta timiyala, ndi m'ming'alu ya matanthwe.

Pamene madzi anayambira kusonkhana m'kadzenje kaja ndi malire ofunika kwambiri. Pamwamba pa malirewo timipata timakhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya. Pansi pake timipata tonse tadzaza madzi okhaokha. Malire amenewa sakhala malo amodzi. Mvula ikagwa bwino amakwera, chilimwe chikatalika amatsika, ndipo chitsime chimene chaphwa nthawi zambiri sichinawonongeke ayi, madzi angotsika kupitirira pamene wokumba analekezera. Amatsatanso maonekedwe a dziko: pansi pa chitunda amakwera pang'ono, m'chigwa amayandikira pamwamba. Pamene afika pamwamba penipeni timapeza kasupe, dambo, kapena mtsinje. Anthu ambiri sadabwa kuona mtsinje ukuyendabe patapita miyezi yambiri mvula italeka, koma n'zoyenera kudabwa nazo. Madzi amenewo ndi mvula yakale imene ikutuluka pansi pang'onopang'ono kudzera m'mbali ndi pansi pa mtsinjewo.

Zoti akasupe ndi mitsinje zimachokera ku mvula, lero tikuziona ngati zodziwikiratu. Kale anthu ophunzira ambiri ankati mvula ndi yochepa kwambiri moti singadzaze mitsinje, ndipo ankaganiza kuti madzi a m'nyanja yamchere amalowa pansi pa dziko n'kukwera m'mapiri atasiya mchere wake m'njira. Mu 1674 Pierre Perrault wa ku France anafalitsa zimene anapeza atayeza mvula yogwa kumtunda kwa mtsinje wa Seine n'kuiyerekeza ndi madzi oyenda mumtsinjewo. Anapeza kuti mtsinje unkanyamula pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 6 a mvulayo. Mvula inali yokwanira, yotsalako inalipo yambiri.

Koma kusunga madzi n'kwina, kuwapereka n'kwinanso. Dongo limasunga madzi ambiri kuposa mchenga, moti nthawi zina theka la dongo lonyowa limakhala madzi. Komabe mukakumba chitsime m'dongo mudzadikira mpaka kutopa, chifukwa timipata take ndi tating'ono kwambiri ndipo madzi amakanirira m'menemo. Mchenga wokhakhala ndi timiyala ndiye zimapereka madzi mowolowa manja. Nthaka kapena thanthwe limene limasunga madzi n'kumawaperekanso mokwanira, akatswiri amalitcha aquifer. Dongo nalo lili ndi ntchito yake. Likayala pamwamba pa mchenga wodzaza madzi limawatsekera, ndipo ngati mchengawo umalandira mvula kumtunda kwinakwake, madzi otsekeredwawo amakhala opanikizika. Mukaboola dongolo amakwera okha m'paipi, mwina mpaka kutumphukira kunja popanda pampu. Ku Australia kuli dera lotere lalikulu makilomita 1.7 miliyoni m'litali ndi m'lifupi kuchulukitsa, lotchedwa Great Artesian Basin, limene lapangitsa kuti anthu ndi ziweto azikhala kumalo ouma kwambiri.

Munthu amene anayamba kuyeza kayendedwe ka madzi mumchenga anali Henry Darcy, injiniya amene anakonza za madzi a mumzinda wa Dijon ku France. Iye ankadzaza mchenga m'paipi yoimirira, n'kumadutsitsamo madzi uku akuyeza. Zimene anafalitsa mu 1856 n'zosavuta kumva: madzi amayenda mofulumira ngati kutsetsereka kwa mphamvu yowakankha kuli kwakukulu, komanso ngati mchengawo uli wolola madzi kudutsa. Mpaka lero aliyense wowerengera madzi a pansi amayambira pamenepa. Ndipo mukawerengera, chimene chimatuluka n'chakuti madziwa amayenda mwaulesi zedi. Mumchenga wabwino akhoza kuyenda mita imodzi pa tsiku, kawirikawiri osafika n'komwe. M'malo ena amatha chaka chathunthu kuti asunthe mamita ochepa. Pansi pa chipululu cha ku Egypt, Libya, Sudan ndi Chad pali madzi ambiri m'miyala ya mchenga, ndipo ena mwa iwo anagwa ngati mvula zaka masauzande mazanamazana zapitazo, kuderako kusanaume. Amenewo mukawapopa ndiye apita, chifukwa mvula ya masiku ano siwabwezeretsa.

Lipoti la bungwe la United Nations la mu 2022 linanena kuti mwa madzi onse opanda mchere amene sali oundana, magawo 99 pa 100 alionse ali pansi pa nthaka, ndipo pafupifupi theka la madzi ogwiritsa ntchito pakhomo padziko lonse amachokera kumeneko. Nyanja zopanda mchere ndi mitsinje zonse zimene timaziona ndi kachigawo chabe. Kupopa mopitirira muyeso nako kuli ndi mtengo wake. Dongo likachotsedwa madzi limaphwanyika n'kupanikizana, ndipo nthaka yonse imatsika. M'chigwa cha San Joaquin ku California malo ena anatsika pafupifupi mamita 9 pakati pa 1925 ndi 1977. Mizinda ya Mexico City ndi Jakarta ikutsikanso pa chifukwa chomwechi.

Ulesi wa madzi a mumchengawu ndi umene umatipulumutsa. Madzi oipa akalowa pansi, timipata timakola zinyatsi ndi majeremusi ambiri, ena amamatirira ku timchenga, ndipo otsalawo amafa m'njira chifukwa ulendo watalika. Nthawi ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Ku Germany, poteteza chitsime cha madzi akumwa amajambula malire pamene madzi a pansi amatenga masiku 50 kuti afike pachitsimepo, ndipo m'kati mwa malirewo amaletsa zinthu monga kuthira ndowe zamadzi m'minda. Maganizo ake ndi akuti pakatha masiku 50 mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda amakhala atafa. Mumchenga, ulendo wa masiku 50 ukhoza kukhala mamita makumi angapo kapena mazana ochepa. Musaiwale nambala imeneyi, chifukwa tikafika kumalo a miyala ya laimu isintha tanthauzo. Ndinenenso kuti mchenga suchotsa zonse. Mchere wa feteleza ndi mankhwala ena osungunuka m'madzi amadutsa ndithu.

Tsopano tibwere ku miyala imene imasungunuka.

Mwala wa laimu ndi wolimba, anthu amamangira nyumba zikuluzikulu. Wambiri unapangika pansi pa nyanja zakalekale kuchokera ku zigoba ndi zotsalira za tamoyo ta m'madzi. M'madzi enieni opanda china chilichonse susungunuka kwenikweni. Koma mvula ikamagwa imatenga mpweya wa carbon dioxide pang'ono mumlengalenga, ndipo ikalowa m'nthaka imatenga wochuluka zedi, chifukwa mizu ikupuma ndipo masamba akuwola. M'nthaka mpweyawu ukhoza kuchuluka kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 kuposa panja. Madzi ndi mpweya umenewu zikasakanikirana zimapanga asidi wofooka kwambiri, woti simungamumve n'komwe pakhungu. Asidi ameneyu ndi amene amadya mwala wa laimu. Amadyanso mwala wina wofanana nawo wotchedwa dolomite, ngakhale mochedwerapo. Miyala ya gypsum ndi ya mchere imasungunuka mofulumira kuposa pamenepa popanda ngakhale asidiyo.

Gawo limene limandisangalatsa kwambiri ndi chiyambi cha phanga. Thanthwe la laimu limakhala ndi ming'alu yambirimbiri, ina yopyapyala kuposa tsitsi. Madzi amalowa m'ming'alu yonseyi, koma si yonse yofanana. Pamakhala umodzi wotakasukirapo pang'ono, kapena wolunjika bwino kumene madzi akufuna kupita. Umenewo umalandira madzi ochulukirapo, choncho umadyeka msanga, ndipo ukadyeka umalandiranso ochuluka kuposa kale. Inzake ija imatsalira m'mbuyo mpaka kulandidwa madzi onse. Pali chinthu china chimene chimathandiza. Madzi akatsala pang'ono kukhuta laimu, sasiya kudya mwadzidzidzi. Amachepetsa kwambiri liwiro lake n'kumapitabe m'kati ali ndi kamphamvu kotsala. Pakanapanda zimenezi, asidi yense akanathera pakhomo pa mng'alu ndipo mapanga aatali sakanakhalapo. Kwa zaka masauzande ambiri palibe chooneka. Kenako njirayo ikakula kufika pafupifupi sentimita imodzi kuchokera kolowera mpaka kotulukira, zinthu zimasintha. Madzi amayamba kuthamanga mowinduka, amanyamula mchenga ndi timiyala zimene zimapala makoma, ndipo asidi watsopano amafika m'kati asanafooke. Apa ndiye lamulo la Darcy lija limaleka kugwira ntchito, chifukwa awa salinso madzi oyenda pang'onopang'ono m'timipata. Ndi mtsinje weniweni wa mumdima.

Dziko limene pansi pake pachitika zimenezi limaoneka mwachilendo. Akatswiri amalitcha karst, potengera dera la Kras la m'malire a Slovenia ndi Italy, ndipo amene analongosola bwino maonekedwe ake koyamba anali Jovan Cvijić wa ku Serbia mu 1893. Mvula ikhoza kugwa yambiri koma osaona mtsinje. Pali zigwa zimene zilibe madzi ngakhale dontho. Nthaka imakhala ndi maenje ozungulira, ena ang'onoang'ono oti mungodumpha, ena oti mungalime munda m'kati mwake, ndipo madzi olowa m'menemo alibe potulukira pena koma pansi. Mtsinje umatha kuyenda bwinobwino kenako n'kulowa m'thanthwe n'kuzimirira. Mtsinje wa Reka umalowa m'mapanga a Škocjan ku Slovenia n'kukatulukira ku akasupe a Timavo pafupi ndi nyanja ya Adriatic, mtunda wa makilomita oposa 30. Ku Slovenia komweko kuli nyanja ya Cerknica imene imadzaza nyengo ya mvula, kenako madzi ake n'kulowa m'maenje a pansi pake, anthu n'kumadula udzu pamalo pamene ankagwira nsomba. Kumpoto kwa Yucatán ku Mexico mitsinje ya pamwamba kulibe, ndipo anthu a mtundu wa Maya ankatunga madzi m'maenje akuya amene denga la phanga linagumukira m'kati. Kum'mwera kwa China, cha ku Guilin, kumene kumatentha ndiponso mvula ndi yambiri, mwala wadyeka kwambiri moti kwatsala timapiri tosongoka toimirira patokhapatokha pakati pa minda. Miyala ya mtundu umenewu ili pa magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse a mtunda wosakutidwa ndi madzi oundana, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse padziko amamwa madzi ochokera m'menemo.

Mapanga amene timalowamo ndi nyali ndi njira zakale za madzi. Mtsinje wa panja ukamakumba chigwa chake n'kumatsika, madzi a pansi nawo amatsika n'kuyamba kudya njira yatsopano m'munsi, yakale ija n'kutsala youma. N'chifukwa chake mapanga ambiri ali osanjikizana, akale kumwamba, atsopano pansi pomwe madzi akuyendabe. Phanga la Mammoth Cave ku Kentucky m'dziko la America ndi lalitali kuposa onse odziwika, ndipo njira zake zoyezedwa zapitirira makilomita 680. Phanga la Veryovkina ku Abkhazia limatsika mamita oposa 2,200. Ku Vietnam kuli Son Doong, lomwe malo ena denga lake lili pamtunda wa mamita pafupifupi 200. Si onse anadyedwa ndi mvula kuchokera kumwamba. Mapanga a Carlsbad ndi Lechuguilla ku New Mexico m'dziko la America anadyedwa kuchokera pansi ndi asidi wamphamvu wa sulufule, wopangika pamene mpweya wochokera kumafuta a pansi panthaka unakumana ndi madzi okhala ndi okosijeni.

Njira ikauma, ntchito imatembenuka. Yang'anitsitsani dontho limodzi padenga la phanga. Lachokera kumwamba litakhuta laimu, ndipo lakhala likuyenda m'mng'alu wothina momwe mpweya wake sukanatha kuthawa. Likatulukira padenga limalendewera kwa kanthawi, mwina mphindi zingapo, likukula pang'onopang'ono. Mpweya wa m'phanga uli ndi carbon dioxide wochepa kuposa wa m'nthaka, choncho wina amachoka m'dontholo, ndipo madzi satha kunyamulanso laimu yense amene anali naye. Amasiya kamkombero kakang'ono kozungulira m'mphepete mwake, koti maso sangakaone, kenako dontho limagwa. Lotsatira limasiya kake kunsi kwa koyambako. Pakapita zaka pamakhala kapaipi koyera kopyapyala kolendewera, madzi akudutsa m'kati mwake. Kakatsekeka, madzi amayenderera kunja ndipo kamanenepa n'kukhala chosongoka, chimene amati stalactite. Pansi pomwe madontho amagwera pamamera chinzake chokwera m'mwamba, stalagmite, ndipo ziwirizi zikakumana zimapanga mzati. Zambiri zimakula pafupifupi sentimita imodzi pa zaka 100. Munthu amene amathyola chimodzi kuti akaike pashelefu kunyumba amandipweteka mtima, chifukwa chachitali ngati mkono chikhoza kukhala chakale kuposa ufumu uliwonse umene iye angautchule. Asayansi amawerenga mizere ya m'kati mwa zinthuzi kuti adziwe zaka za mvula ndi za chilala zakalekale.

M'madzi a mumdimawa mulinso zamoyo. Ku Slovenia ndi Croatia kuli kanyama kotchedwa olm, kotalika masentimita 20 mpaka 30, kotuwa, kosaona, kopuma ndi timakha tofiira ta m'mbali mwa mutu. Kamatha zaka osadya ndipo kangakhale ndi moyo zaka pafupifupi 100. Madzi osefukira akakatulutsira kunja, anthu akale a kumeneko ankati ndi mwana wa chinjoka. Mapanga amasunganso mafupa. Ku Sterkfontein ku South Africa, m'mapanga a dolomite, Robert Broom ndi John Robinson anapeza mu 1947 chigaza chotchuka cha cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu, chimene anachitcha Mrs Ples.

Koma nthaka yokhala ndi mphako pansi imatha kumeza. Nthawi zambiri si denga la mwala limene limagwa. Chimachitika n'chakuti pamwamba pa thanthwe pali dothi, ndipo dothilo limakokolokera pang'onopang'ono m'mng'alu wa pansi pake. M'kati mwa dothi mumapangika mphako imene imakwera m'mwamba chaka ndi chaka, pamwamba udzu ukumera bwinobwino, mpaka chotsala n'kachigamba kopyapyala. Madzi a pansi akakhala okwera amathandiza kuchirikiza dothilo. Akatsitsidwa ndi chilala kapena mapampu, chochirikiza chimachoka. Paipi yodontha kapena ngalande yothira madzi pamalo amodzi imafulumizitsanso ntchitoyi kuchokera kumwamba. Mu Meyi 1981, chilala chitavuta, dzenje lalikulu pafupifupi mamita 100 linatseguka ku Winter Park ku Florida n'kumeza nyumba, magalimoto ndi mbali ina ya dziwe losambiramo. Kumeneko sikunafe munthu. Ku Carletonville ku South Africa zinali zoopsa. Migodi ya golide ya kumeneko ili pansi pa dolomite wodzaza madzi, ndipo kuti migodiyo isasefukire anapopa madziwo n'kuwatsitsa kwambiri. Pa 12 Disembala 1962 nyumba ya nsanjika zitatu yophwanyiramo miyala pamgodi wa West Driefontein inatitimira pansi pamodzi ndi anthu 29 amene ankagwira ntchito m'menemo. Mu Ogasiti 1964 nyumba ina ku Blyvooruitzicht inamezedwa usiku pamodzi ndi banja la anthu asanu. Ngozi zimenezi sizinangochitika zokha. Anthu anachotsa madzi amene ankachirikiza nthaka.

Nanga madzi olowa m'dzenje amakatulukira kuti? Poyang'ana mapiri ndi zigwa simungadziwe, chifukwa njira za pansi sizimvera zitunda za pamwamba. Njira yodalirika ndi kuthira chizindikiro pamene madzi akulowera n'kukadikira ku akasupe onse ozungulira. Kum'mwera kwa Germany, pafupi ndi Immendingen, mtsinje wa Danube ukadali waung'ono umataya madzi ake m'ming'alu ya pansi pake, ndipo masiku ambiri pa chaka umaphweratu moti anthu amayenda pansi pouma. Mu Okutobala 1877 Adolf Knop anathiramo mchere, mafuta ndi utoto wobiriwira wotchedwa fluorescein. Patapita maola pafupifupi 60, zonsezi zinatulukira pa kasupe wa Aachtopf, makilomita 12 kum'mwera. Izi zikutanthauza mamita 200 pa ola. Ndipo kasupe ameneyu amathira m'nyanja ya Constance n'kupita mumtsinje wa Rhine. Madzi amene mapu akusonyeza kuti akupita ku Black Sea amadzera pansi pa phiri n'kukathera ku North Sea. Anthu a kumunsi kwa Danube ankafuna kutseka maenjewo, a kumene kuli kasupe wa Aachtopf ankakana, ndipo mkanganowo unafika kukhoti lalikulu la dzikolo mu 1927.

Ku France zinadziwika mwangozi. Mu Ogasiti 1901 mphezi inayatsa fakitale yotcheza mowa wa absinthe ku Pontarlier, ndipo mowa wambiri unatayikira mumtsinje wa Doubs. Patapita masiku awiri, kasupe wamkulu wa mtsinje wa Loue, amene amatuluka m'phanga tsidya lina la mapiri, anayamba kununkhira mowawo.

Tsopano kumbukirani masiku 50 aja. Madzi oyenda mamita 200 pa ola amadutsa makilomita pafupifupi asanu pa tsiku. Majeremusi amafika pa kasupe ali amoyo, ndipo m'njira mulibe mchenga wowakola. Choipa kwambiri n'chakuti maenje a pamwamba aja amakopa anthu kuti azitayamo zinthu. Dzenje lilipo kale, silidzaza, ndipo zimene wataya sizionekanso. Anthu m'maiko ambiri akhala akuponyamo zinyalala, nyama zakufa, mafuta otha ntchito, ngakhale kulozetsamo mapaipi a zimbudzi. Wotayayo sadziwa kuti kasupe amene anzake a tsidya lina amatungako, kapena iye mwini, ndi khomo lina la dzenje lomwelo. Édouard-Alfred Martel, Mfalansa amene anayambitsa kufufuza mapanga mwasayansi, analimbana kwambiri ndi mchitidwe umenewu, ndipo lamulo la zaumoyo la ku France la mu 1902 linaletsa kutaya nyama zakufa m'maenje otere.

Zimene zinachitika ku Walkerton, tauni ya anthu osakwana 5,000 ku Ontario m'dziko la Canada, zimandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikaziganizira. Mu Meyi 2000 kunagwa mvula yamphamvu. Pafupi ndi chimodzi mwa zitsime za tauniyo panali munda wothiridwa ndowe za ng'ombe. Chitsimecho chinali chosazama, chokumbidwa m'miyala ya laimu ndi dolomite yong'alukang'aluka, dothi la pamwamba pake lili lochepa. Mabakiteriya a E. coli ndi Campylobacter analowa m'madzi, ndipo oyang'anira madziwo sankathira klorini wokwanira kapena kuyeza moyenera. Anthu pafupifupi 2,300 anadwala, 7 anamwalira, ndipo ena anatsala ndi matenda a impso. Akatswiri atathira utoto pambuyo pake anapeza kuti madzi ankayenda m'miyalayo mofulumira kwambiri kuposa mmene mawerengedwe a mumchenga ankasonyezera. Linali dziko lolemera, lokhala ndi malamulo ndi malo oyezera madzi.

Chimene chimapusitsa ndi maonekedwe. Kasupe wa m'miyala ya laimu amakhala wamkulu, wozizira, woyera mbee, nthawi zina wobiriwira mokongola moti mumaona mwala uliwonse pansi. Munthu waludzu sangaganize kawiri. Komatu kuyera kwa madzi sikunena kanthu za majeremusi. Chizindikiro chothandiza n'kuona mmene kasupeyo amachitira mvula ikagwa. Ngati patangopita maola ochepa kapena tsiku limodzi madzi achuluka mwadzidzidzi, achita matope, kapena kuzizira kwake kwasintha, dziwani kuti akuchokera pamwamba mwachindunji. Kasupe wa mumchenga sasinthasintha choncho, amatuluka mofanana mvula igwe kapena ileke. Ine ndimaona kuti madzi a kasupe wosinthasintha ayenera kutengedwa ngati madzi a mumtsinje: awiritsidwe kapena athiridwe klorini, makamaka masiku otsatira mvula yamphamvu.

Sindikunena kuti madzi a m'miyala ya laimu ndi oipa. Mzinda wa Vienna ku Austria umamwa madzi a akasupe otere ochokera m'mapiri a Alps, ndipo ndi amodzi mwa madzi amene anthu amawatama kwambiri ku Ulaya. Ngalande yoyamba yochokera kumapiri a Rax ndi Schneeberg inatsegulidwa mu 1873, nthawi imene kolera ndi tayifodi zinkasautsa mzindawo. Yachiwiri, yaitali makilomita 180, yochokera ku Hochschwab, inatsegulidwa mu 1910. Madzi amatsetsereka okha mpaka mumzinda popanda kupopa. Kusiyana kwake ndi Walkerton kuli pamwamba pa nthaka. Mzindawu uli ndi nkhalango zikuluzikulu m'mapiri amene mvula yake imadyetsa akasupewo, ndipo umazisamalira poganizira madzi, osati matabwa. Zochita za anthu ndi ziweto kumeneko zili ndi malire. Akasupe amayezedwa kosalekeza, ndipo kasupe akayamba kuchita matope mvula itagwa, madzi ake amapatutsidwira mumtsinje mpaka atayeranso.